Bambo Anga ndi Fanesi ya ku Oshawa

Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri pa boyila, makina owiritsa madzi, ya fakitale ya tiyi ku Thyolo. Mayi atamwalira, ine ndi mkazi wanga tinawaitana kuti adzakhale nafe kunja kuno ku Oshawa, tauni ya kufupi ndi Toronto, miyezi isanu ndi umodzi. Nyengo yake sitinaiganizire bwino, chifukwa anafika mu Novembala, sinowo, chipale chofewa chija, itangoyamba kugwa.

Munthu wozolowera kugwira ntchito ndi manja, kuno analibe chochita. Ine ndinkalawirira kukakwera sitima ya ku Toronto, mkazi wanga n'kupita kuchipatala komwe ndi namwino. Bambo ankatsala okha. Tsiku lina anayesa kutuluka, anaterereka pakhomo pomwepo, osayesanso.

Chimene chinawakopa mtima chinali fanesi, makina a gasi otenthetsa nyumba, omwe ali m'chipinda chapansi. Ankatsika ndi kampando n'kukhala pambali pake nthawi yaitali. Ndikaweruka ankandipanikiza ndi mafunso: gasi amalowera pati, utsi umatulukira kuti. Ine zonsezo sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kabatani ka pakhoma kosinthira kutentha.

Mu Febuluwale anandiitana. "Iwe, mota ya fani yokankha mpweya ija ikudwala. Bering'i, kachitsulo komwe imazungulirapo, yauma. Ikamayamba kuzungulira ikumalira mwachilendo."

"Ine sindikumva kanthu, bambo."

"Makutu akowo ndi a muofesi. Chisanu chikatha tidzaitsegule, ine ndi iwe."

Ndinavomera pongofuna kuti nkhaniyo ithe.

Kuno chisanu chikatha, fanesi ikamapuma, ndi pamene anthu ambiri amaiyeretsa ndi kuiona ngati ili bwino. Epulo atafika ndinaimbira mmisiri wa kampani ina ya ku Mississauga kuti abwere Loweruka. Bambo sindinawauze. Kunena zoona, lonjezo lija ndinali nditaliiwala.

Iwo sanaiwale. Loweruka m'mawa nditatsika pansi ndinawapeza atavala ovololo yawo yakale ya kufakitale, yomwe sindinkadziwa n'komwe kuti anabwera nayo. Magetsi a fanesi anali atazimitsa, chitseko chake atachotsa, timisomali atatiika m'sosala. Sefa ya mpweya, itada bii ndi fumbi la miyezi yonse ija, inali panyuzipepala. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chibwerereni ndinali ndisanawamvepo akuimba.

"Wafika bwino. Gwira tochi apa."

Nthawi yomweyo belu linalira, ndipo mkazi wanga anatsika ndi mmisiri uja. Munthuyo ataona fanesi ili yasa, anaima n'kundiyang'ana. Manyazi anandigwira. Ndinaopa kuti aganiza kuti ndife anthu osadziwa malamulo a kuno, oseweretsa gasi. Ndiye ndinalankhula mokweza, m'Chingerezi, kuti mlendoyo amve kuti ine sizikundikhudza:

"Bambo, siyani zimenezo! Kuno si ku Thyolo. Makina awa ali ndi eni ake."

Bambo Chingerezi ankachimva bwino lomwe. Anapukuta manja pa ovololo, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Pepani, bwana," anatero m'Chichewa. "Nyumba ndi yanu."

Chibadwireni anali asananditchulepo kuti inu. Anakwera masitepe osacheuka.

Mmisiri anayamba ntchito yake. Anapukuta poyakira moto, anayeza ngati gasi sakutuluka pena, anaika sefa yatsopano, anatsuka kapaipi kotayira madzi. Kenaka anazunguza fani ndi dzanja, n'kutchera khutu. Anazunguzanso.

"Bering'i ya mota iyi yatha," anatero. "Chisanu chikubwerachi sikanamaliza, ikanakuferani pakati pa Januwale. Amene anatsegula apa ndi bambo anu aja?"

"Eya. Akhala akunena za bering'iyo kuyambira Febuluwale."

"Anangoimva ndi khutu? Aitaneni, ndiwaonetse."

Ndinamuyankha kuti akupuma.

Mmisiri atapita, mkazi wanga anandipeza kukhitchini. "Inu, kawauzeni bambo kuti ananena zoona. Mawu awiri okha."

"Ndiwauza."

Masana amenewo sindinawauze, chifukwa nkhope yawo inali isanamasuke. Mawa lake tinapita kutchalitchi. Mota yatsopano inadzaikidwa pakati pa sabata, tsiku limene bambo anatengedwa ndi banja lina la ku Chipata kukacheza ku Brampton, choncho sanaone kanthu. Pansi paja sanatsikenso. Tsiku lililonse lomwe ndinkazengereza, mawu aja ankalemera, chifukwa tsopano ndikanayenera kufotokozanso chimene ndinakhalira chete.

Mu Meyi tinawaperekeza kubwalo la ndege. M'galimoto tinkakamba za kulemera kwa masutikesi ndi za mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Atafika kumudzi tinkaimbirana Lamlungu lililonse: mvula, feteleza, maliro a uje ndi uje. Chakumapeto kwa chaka anandifunsa kamodzi.

"Kwayamba kuzizira kumeneko? Nanga fanesi ija?"

"Ili bwino, bambo."

"Chabwino. Ndiye kuti makutu anga akalamba."

Mpata unali umenewo. Ndinaseka, n'kufunsa za mbuzi.

Chaka chotsatira anadwala sitiroko, pakamwa panatsekeka. Mchemwali wanga, yemwe ankawasamala, anawagwirira foni kuti tionane. Apo m'pamene ndinanena zonse: za bering'i, za mmisiri amene anafuna kuwaona, za bodza langa loti akupuma. Ndinapepesa. Maso awo anali cha kumbali, kuwindo. Ndinafunsa mchemwali ngati amva. Anati sakudziwa, masiku ena amamva, masiku ena ayi. Patapita masabata atatu bambo anatisiya.

Ndinapita kumudzi kukaika maliro, ndipo atatha, ine ndi mchemwali tinakhala pakhonde tikusankha zovala zoti tigawire abale. Iye anayamba kundisimbira zomwe bambo ankauza anthu za ulendo wawo.

"Achimwene, ankakunyadirani. Aliyense wobwera pano ankamuuza kuti mwana wawo ali ndi nyumba yofunda ngakhale kunja madzi ataundana. Ankati munawasamala kwambiri, moti simunawalole kugwira ntchito ngakhale imodzi."

Anandiyang'ana akumwetulira, kudikira kuti ndinenepo kanthu. Ndinangoti eya, n'kupitiriza kupinda malaya.