Ndinayalula Bedi la Munthu Wamoyo

Ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Zaka zimene ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Romford, m'ma 2000 muja, ndinakangana ndi aliyense: manijala, ophika, ngakhale dalaivala wa basi ya ku Barking. Koma mkangano umene umandikhalabe pamtima ndi umene ndinachita ndi nkhalamba imene mutu unali utayamba kale kusokonekera.

Anali mzungu wamtali, woonda ngati nsungwi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali m'gulu la asilikali a ndege zimene zinkateteza London, pa bwalo lina chakumwera kwa Romford komweko. Bwalolo linatha, pano ndi paki, anthu amayendetsamo agalu. Pazenera pake panali chithunzi cha anyamata atatsamira phiko la ndege, ndiye ine ndinkangoti nayenso ankayendetsa ndege. Sindinafunsepo. Ndinkakhala ndi zipinda khumi zoti ndimalize nthawi ya tiyi isanakwane.

M'mawa wina bambowo anawatenga kupita nawo kuchipatala kukapimidwa maso. Manijala anati popeza chipinda chilibe munthu, tisinthe matiresi ndi kuchapa kapeti. Ndinayalula bedi, mabulangete n'kuwapinda bwinobwino kumiyendo. Lezala, chipeso, masilipasi ndi chithunzi chija ndinaziika m'katoni. Kuti isasokonekere ndi ya munthu wina, ndinalemba dzina lawo pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu.

Anabwerako msanga. Ndinangomva ndodo yaima pakhomo.

Anayang'ana bedi. Anayang'ana katoni. Kenako anandifunsa ndi mawu otsika, “Wakuuza ndani kuti sindinabwere?”

“Mwabwera, bambo, ndikukuonani. Tikuchapa kapeti. Kakhaleni kaye ku sitingirumu.”

“Wafunsa ku mabwalo ena? Mwina ndatera kwina.”

Ine thukuta lili kamukamu, zipinda zina zikundidikira. Ndinakweza mawu. Ndinati asandichedwetse ndi zamisala zawo, katundu wawo palibe akumufuna. Anagwira katoni, ine n'kuikoka. Ndinalimbirana katoni ndi munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo ndinapambana.

Nesi wina wa kwathu ku Zomba anathamangira phokosolo. “Achimwene, mwatani kodi? Shifiti yomweyi mukufuna kutichotsetsa ntchito tonse? Tasiyani agogo!”

“Agogo anu ndi amene ayamba,” ndinatero, ngati mwana.

Kapeti itauma ndinabwezera zonse m'malo mwake. Koma iwo anakana kulowa. Ankafika pakhomo, n'kuima, n'kubwerera kukakhala pampando wa ku sitingirumu. Ankagona pomwepo chokhala.

Mwana wawo wamkazi, mayi wa imvi nayenso, ndi amene anandiuza nkhani yake atabwera Loweruka. Bambo ake sanayendetsepo ndege. Ankagwira ntchito pansi. Ndege za gulu lawo zikanyamuka kukatchinga za Ajeremani, iwo ankaima pabwalo kudikira zobwerera. Ina ikapanda kuoneka, ankayamba aimba foni ku mabwalo ena. Kukakhala zii, ntchito yawo inali kupita kogona mnyamata woyendetsa ndegeyo, kuyalula bedi, kupinda mabulangete kumiyendo, kulonga zinthu zake m'bokosi ndi kulemba dzina pamwamba, anzake asanabwere kudzadya. Mawa lake pabedipo pankagona wina watsopano.

“Sanatiuzepo kuti analonga mabokosi angati,” anatero mayiyo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa choyankha.

Masiku anapita. Miyendo yawo inayamba kutupa, kumsana kukufiira. Nesi uja ananena mosabisa kuti akapanda kubwerera pabedi sabata imeneyo, zilonda zitseguka ndipo awatengera kuchipatala. Tinayesa chipinda china, anakana, anati si chawo. Manijala anayesa kunyengerera. Mwana wawo analira. Palibe chinathandiza.

Ine kupepesa kumandivuta ngati kumeza mwala. Koma masana ena ndinawagwira mkono, tinayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo paja. Bedi ndinali nditaliyala ndekha, masilipasi ali pansi, chithunzi chili pazenera. Ndinagwada, monga timachitira kwathu kwa akuluakulu, ndili mu yunifolomu momwemo.

“Bambo, ndinalakwa ndine. Inu munabwera. Katoni ija siinali yanu, ndinalemba dzina lolakwika.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali mbee, opanda chisokonezo ngakhale pang'ono. Anagwedeza mutu ngati amva. Mtima wanga unayamba kutsika.

Kenako anati, “Ndiye amene sanabwere ndani?”

Ndikanatha kunena kuti palibe, onse anabwera. Likanakhala bodza laling'ono, ndipo ndanena aakulu kuposa pamenepo. Koma pakhomo paja panazizira mwadzidzidzi, ndipo ndinamva ngati si awiri tokha amene tikudikira yankho, ngati anyamata a pachithunzi aja nawonso aima pomwepo.

Anachotsa mkono wawo m'dzanja langa, n'kutembenuka ndi ndodo yawo. M'chipindamo sanalowemonso. Lachinayi lake ambulansi inabwera kudzawatenga, ndipo anamwalirira kuchipatala.