Gasi wa maola awiri

Pagalaji ya kuseri kwa sitolo za matayala aliyense ankawatchula kuti a Chisanu, chifukwa ntchito yawo inali yokonza maeyakoni, makina oziziritsa m'galimoto. Anali atayigwira zaka makumi atatu. Diso lawo lakumanzere linafa ali mnyamata, paipi ya gasi itawaphulikira kumaso. Sanakwatirepo. Ankagona m'kachipinda ka malata kumapeto kwa galajiyo, pakati pa masilinda a gasi ndi makompulesa akufa, ndipo m'bale amene anatsala nawo anali mmodzi yekha: achemwali awo, amene anawalera mayi atamwalira.

Makasitomala ankati ndi munthu wovuta. Amakaniki ena onse ukawapatsa galimoto yosaziziritsa amangothira gasi n'kukutsanzika. A Chisanu ayi. "Gasi sasowa yekha," ankatero. "Pali pamene watulukira. Kuthira wina usanapeze bowo n'kutungira madzi m'dengu."

Lachiwiri lina m'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma, alamu awo analowa pageti ndi galimoto yawo yakale yoyera. Kumpando wakumbuyo kunagona achemwali pa mapilo atatu, ataonda moti mphete anaimangirira ndi ulusi.

"Alamu, kuchipatala atitulutsa," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Akuti khansa yafalikira, palibenso chochita. Achemwali anu akufuna kupita kunyumba kumene munabadwira. Ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri, koma eyakoniyi ikungouzira mpweya wotentha. Tikatsegula mawindo, fumbi likuwatsamwitsa."

A Chisanu anapita kutsogolo kwa galimotoyo. Anatsegula boneti. Fyuzi inali yabwino, lamba anali wolimba, fani inkazungulira. Koma atayatsa eyakoni, kompulesa yopopa gasi inangoti zii, osamveka kaphokoso kake ka tcha! kosonyeza kuti yagwira. Analumikiza mageji oyezera gasi, singano n'kungogona pansi: gasi analibemo. Anathira pang'ono woyesera. Kompulesa inagwira, paipi yaikulu inayamba kuzizira m'dzanja lawo. Anazimitsa injini n'kuyang'anitsitsa geji ndi diso lawo limodzilo. Singano inkatsika pang'onopang'ono.

Anapaka thovu la sopo pamalo onse olumikizira mapaipi. Palibe pamene panafufuma. Kenako anagona chagada pa katoni n'kulowa pansi pa galimoto, pa kapaipi kotayira madzi a eyakoni. Kanali ndi mafuta. Atapakapo sopo, thovu linayamba kukula ngati chule akupuma. Anakhala pansipo nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna.

"Bowo lili mkati, kuseri kwa dashibodi," anatero atatuluka. "Mpaka kumasula kutsogolo konseku. Masiku awiri."

"Masiku awiri ndiwatenga kuti ine?" anafunsa achemwali ali chigonere, mawu ali osasa. "Iwe, zaka zonsezi wakhala ukuziziritsa mabwana, lero ine ndipse ngati buledi mu uvuni? Thira gasi wakoyo."

"Atha pa maola awiri, achemwali."

"Ndiye unyamule wina. Kodi nzeru zinapita ndi diso lija?"

A Chisanu anaseka. Anadzaza gasi, anaika silinda ndi mageji m'buti, anakhoma galaji, n'kukhala kutsogolo pambali pa alamu awo, ovololo ili m'thupi.

Maola awiri oyamba munali mozizira bwino. Achemwali anagona tulo tomwe alamu anati sanatione kwa sabata. A Chisanu anaika kuseri kwa dzanja pa kabowo kotulukira mpweya ulendo wonse, ndipo utangoyamba kufunda, anati, "Imani pamthunzi apo." Anathira gasi magalimoto akuluakulu akuwawaza fumbi. Paulendo wachiwiri woima, achemwali anadzuka n'kupempha madzi. Anamwa pang'ono, nafunsa ngati mtengo wa mandimu wa kuseri kwa khitchini ya kwawo udakalipo. Palibe amene ankadziwa. A Chisanu anati ulipo.

Kachitatu anaima pafupi ndi mlatho wa mtsinje wouma, kutatsala ola limodzi ndi theka. A Chisanu anali atangolumikiza mageji pamene anamva chitseko chakumbuyo chikutseguka, kenako alamu awo akuitana mkazi wawo, kawiri, katatu, mawu akunka nakwera. Anazungulira galimoto. Achemwali anali atatembenukira kuwindo, pakamwa pali yasa pang'ono, dzanja likadali lofunda.

Alamu anakhala pansi m'fumbi n'kugwira mutu. A Chisanu anawatseka maso achemwali awo, anawafunditsa nsalu, naima osadziwa chochita ndi manja awo. Phula linkanyezimira ndi kutentha.

"Siyani gasiyo, alamu," anatero bamboyo akulira. "Wa ntchito yanjinso?"

"Pano ndiye akufunika kwambiri," anayankha a Chisanu. "Dzuwali silingasunge thupi lawo."

Anabwerera ku boneti, anatsegula silinda, nadikira mpaka paipi itazizira. Atatseka, anawadzutsa alamu awo n'kuwafunsa ngati angathe kuyendetsa. A Chisanu anakakhala kumbuyo, anaika mutu wa achemwali pamiyendo pawo kuti usamagunde chitseko m'mabampu, ndipo galimoto inalowanso mumsewu.