Tinathetsa Komiti, Foni N'kuitsekera M'kabati

Lamlungu lapitali, ife Amalawi a kutchalitchi kwathu ku Hyattsville, kuno ku America, tinathetsa komiti yoona za matenda ndi maliro. Zaka zake ziwiri zinali zitakwana. Chisankho tinati tichite pakatha masabata atatu.

Ndivomere, amene anaumirira zimenezi ndine. "Kwathu Nyumba ya Malamulo imathetsedwa chisankho chisanachitike," ndinatero modzimva. "Aliyense apikisane alibe mpando." Anthu anaomba m'manja. Mayi Gondwe, wapampando wathu, anapereka foni ya gulu, ife n'kuizimitsa, n'kuitsekera m'kabati.

Lachitatu tinamva kuti bambo Mbewe ali m'chipatala kuyambira Lolemba. Sitiroko. Bambowa amakhala okha, akazi awo ndi ana ali ku Dedza. Pa fomu ya kuntchito, pofunsa woti aimbiridwe zinthu zikavuta, analemba nambala ya gulu. Anamwino anaimba masiku awiri osayankhidwa.

Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Kodi ndinaphonya pati? Ndinakopera theka la lamulo. N'zoona kuti kwathu, m'chaka chachisanu, tsiku lolembedwa kale m'malamulo likafika, aphungu amasiya kukhala aphungu. Ku Britain nduna yaikulu imathanso kupempha mfumu kuti ithetse nyumbayo nthawi isanakwane. Koma konseko boma silipita nawo kutchuthi. Nduna zimakhalabe m'maofesi kudikira olowa m'malo. Kuno ku America ndiye sathetsa n'komwe, akale amagwira ntchito mpaka tsiku lolowa atsopano.

Ife tinathetsa zonse, osasiya ngakhale munthu mmodzi wolondera pakhomo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinathamangira kuoneka wodziwa ndale.

Mayi Gondwe atamva sanafunse za malamulo. Anaweruka kuntchito ku Bowie, komwe amasamalira okalamba, nadzanditenga ali chivalire yunifolomu. Tinapeza bambo Mbewe maso ali kukhomo. Pakamwa panali patapotoka, mawu akutuluka movutikira.

"A Tcheya... mwabwera?"

"Utcheya unatha Lamlungu, achimwene," anatero mayiwo akuwakonzera pilo. "Wabwerayu ndi mlongo wanu. Sorry, tachedwa."

Bambowo anagwira dzanja la mayiwo osalisiya. Misozi inatsikira m'khutu, mayi Gondwe n'kuipukuta ndi chala.

"Ndimayesa mwandiiwala," anatero bambo Mbewe.

Ine ndinangoima kumiyendo kwa bedi. Ndale zanga zonse zija zinandithera pomwepo.

Chisankho tichitabe, mipando njosiyirana. Koma tandiuzani, anzanga a m'magulu athu kunja kuno: komiti yakale ikatuluka, yatsopano isanalowe, odwala mumawasiyira ndani?