Phulusa m'Dziwe la Amadamu

Lero ndilemba zimene ndalephera kunena pakamwa. Nsomba za amadamu, akazi a manejala wa esiteti ya tiyi, ndinapha ndine.

Ababa anali ogwira ntchito ya m'maluwa kunyumba kwawoko. Pakapinga pali kadziwe ka nsomba zofiira, koyalidwa pulasitiki yakuda pansi pake. Loweruka lina ndinawaperekera chakudya, ndipo ndinapeza atatumidwa kumsika. Pulasitiki yonse inali itagwira ndere zoterera, madzi ali obiriwira. Ndinaganiza zowathandiza kuti amadamu awayamikire. Ndinatapa phulusa kukhitchini n'kuyamba kukwecha monga timakwechera mapoto, nsomba zili momwemo. Pulasitikiyo inawaladi, ndipo ndinachoka ndikudzitama.

Kutacha, nsomba zonse zinali zitayandama, mimba m'mwamba.

Lolemba ababa ananditenga kupita nane kwa amadamu. "Amadamu, uyu ali Folomu 3, amaphunzira sayansi. Atiuze chapha nsombazi."

Amadamu anandiyang'ana. Phulusa linali likadali m'zikhadabo zanga, choncho ndinabisa manja kumbuyo. Ndinayankha m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti madzi akakhalitsa osasinthidwa, okosijeni amatha. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti wosintha madziwo ndi ndani.

"Mwana wanzeru uyu," anatero amadamu, n'kundipatsa bolopeni. Ababa sanamve kalikonse, ankangomwetulira.

Tsopano ababa anachotsedwa m'maluwa n'kubwezeredwa kumunda kokathyola tiyi, dengu kumsana, chonsecho msana wawo umawavuta. Dzulo ndawamva akuuza aneba kuti, "Mukanamumva mwana wanga! Chizungu chake, amadamu mpaka kugwedeza mutu."

Bolopeniyo ndi imene ndikulemberayi. Imalemba bwino kwabasi.