Nambala ya Tadala inatipusitsa

Lachiwiri mlongo wanga Nabanda anafika kwathu kuno ku Chisepo, foni ili m'manja, nkhope ngati wachokera kumaliro.

"Achimwene, mwana uja walephera," anatero asanakhale ndi pansi pomwe.

Mwanayo ndi Tadala, mwana wake wachiwiri. Anapita ku Lilongwe kukanyamulira anthu zikwama za gofu, nkuphunzira kumenya kampira kaja ndi ndodo zobwereka. Chaka chino wayamba kusewera m'mipikisano ya amayi amene gofu ndiyo ntchito yawo, kunja kwa dziko lino. Bambo ake, alamu anga a Gwaza, anavomera monyinyirika: akalephera abwerere ku Msakambewa, fodya akusowa womusankha.

Tsono Tadala anali atatumiza chithunzi cha zotsatira. Anzake ambiri 78, ena 81. Iye 70.

Ine ndaphunzitsa sukulu mpaka kupuma, malikisi ndimawadziwa. Ndinavala magalasi, kuyang'anitsitsa, nkupukusa mutu. "Zoonadi, wakhala kumchira." Alamu anali atamuimbira kale kuti alongedze.

Madzulo ndinamuimbira kuti ndimutonthoze. Ndinampeza akulira ndi ukali.

"Amalume, inunso? Pa gofu amawerenga kuti kampira mwakamenya kangati kuti kalowe m'maenje onse. Womenya pang'ono ndiye katswiri. Ndakhala wachitatu. Ababa sanandipatse mpata woti ndifotokoze."

Manyazi anandigwira kwabasi. Mphunzitsi wathunthu ine, kupereka chigamulo pa chinthu chimene sindinafunse nkomwe.

Sabata yonseyi ndakhala ndikuonera amayi amenewa pafoni, ndipo ndikuuzeni, ndawagomera. Munthu amayenda wapansi tsiku lonse padzuwa, mawa lakenso, mkuja chimodzimodzi. Akatha apa, ulendo wa kwina, miyezi ndithu. Amene zamuvuta masiku oyamba amabwezedwa mpikisano uli pakati, koma sabata yotsatira umamuonanso atabwera. Palibe mnzake woti amuloze chala ngati ku mpira wamiyendo. Ndipo akalakwitsa malamulo patchire popanda womuona, amadziulula yekha. Ndani wa ife anadziululapo pa sikelo ya fodya?

Komabe chimene chandisowetsa mtendere si gofu ayi. Ndi liwiro limene timaitanira ana aakazi kuti abwerere kumudzi. Mnyamata akapita kukayesa mpira nkulephera, timati akadakula, mpatseni chaka china. Mtsikana akapunthwa kamodzi, tati tinanena ife. Apa Tadala sanapunthwe nkomwe, koma tonse atatu tinathamangira kukhulupirira zoipazo. Bwanji palibe anati tiyeni timufunse mwini wake? Paja amati kufunsa ndi kudziwa njira, koma ife timaona ngati kufunsa mwana, wamkazinso, nkudzichotsa ulemu.

Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka ku Msakambewa. Alamu ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya okhaokha. Ndinawafotokozera zonse, nkujambula pansi ndi kamtengo. Nditamaliza, anafunsa:

"Ndiye alamu mukuti wochepayo ndiye wadya anzake?"

"Eya. Awiri okha ndi amene amuposa."

"Nanga mawu anga aja? Ndanena kale kuti abwere."

Apo ndiye panali povuta. A Gwaza sabweza mawu, mudzi wonse ukudziwa. Ndipo Tadala akanangokwera basi, malo ake mu mpikisano wotsatira akanapita kwa wina.

Anadzuka, kusasa fumbi la fodya pathalauza, nkuyamba kukwera chitunda cha kuseri kwa nyumba kumene netiweki imagwira. Ine pambuyo, wefuwefu. Foni italowa anayankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Tadala, ndine bambo ako. Ndinalakwa. Usabwere, fodya tisankha tokha."

Uyu wapulumuka chifukwa amalume ake anaimba foni yomutonthoza, nkumva zoona mwangozi. Nanga kwanuko, ndi atsikana angati amene akusankha fodya lero chifukwa akulu sanafunse?