Filimu Inabwera ndi Msana Wake Wokha

Mchimwene wanga anali ndi pakamwa poyabwa. Ngakhale pamaliro tinkamukhazika kutali ndi anzake, kuopa kuti anthu angaseke pamaso pa anamfedwa. Ndiye pamene mnyamata wina wa ku Mzuzu anabwera ndi kamera yobwereka kudzajambula filimu ya ana a sekondale, sanavutike kupeza woseketsa. Nkhani yake inali ya anyamata olephera mayeso amene akuopa kukanena kwawo. Ankajambula kugombe la Chikale ndi padoko, sitima ikafika. Wathuyo mawu omulembera sankawatsata. Ankangophulika m'Chitonga, mpaka wojambulayo kugwedeza kamera ndi phwete.

Filimu inapita kukakonzedwa. Mvula isanathe, malungo anamutenga mchimwene wanga ali Fomu 3. M'nyumba munalibe chithunzi chake, kupatula cha ubatizo ali khanda.

Chaka chotsatira tinamva kuti filimuyo yaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu kunja kwa dziko, ndipo anthu anachita kuimirira powomba m'manja. Ine za m'manjazo ndinalibe nazo ntchito. Amayi nawo ankafuna chimodzi chokha, kumvanso mawu a mwana wawo.

Koma poonera pake panali pachisakasa cha mavidiyo kuseri kwa msika, ponunkha usipa ndi thukuta, pomwe anyamata ankaonera zomenyana. Mayi wa mvano sapondako kumeneko. Tsiku limene wojambulayo anabweretsa filimu, ndinapeza amayi atamanga kale duku.

"Ama, anthu akanena," ndinatero.

"Anene. Pakamwa m'pawo, mwana ngwanga."

Titafika, anyamata anawasiyira benchi yakutsogolo, ena kubisa ndudu kumbuyo. Filimu inayamba. Anzake onse a mchimwene wanga ankatulukira mmodzimmodzi, anthu n'kumakuwa mayina awo. Ife tinkangodikira. Nkhani inafika pakati, iye osaoneka. Ndinatembenukira wojambulayo, amene anakhala pambali panga.

"Achemwali, pepani," ananong'ona. "Akunjawo anati yatalika. Nthabwala zake za Chitonga tinalephera kuzilemba m'Chingelezi pansipo, ndiye tinazidula."

"Nanga zodulazo zili kuti?"

Anati matepi ake anajambulirapo ukwati wa munthu wina. Mtima unandiwawa moti ndikanamulavulira, koma amayi anali pomwepo, maso ali tcheru pakanema. Mpaka lero ndikamva kuti anthu anawomba m'manja, ndimadzifunsa kuti ankawombera chiyani.

Chakumapeto kunaoneka anyamata akukankhira bwato m'madzi. Mmodzi anali chofulatira, malaya a sukulu ali pamtunda, mwendo wamanzere akuuponya kunja monga ankayendera bambo athu. Sanakhalitse.

"Ndi ameneyo," anatero amayi, n'kuitana mwini chisakasa. "Ada, tabwezani."

Mwini chisakasa anabweza. Anyamata akumbuyo anayamba kung'ung'udza, wina anawatsinya khutu, kunangoti zii. Msana uja unabweranso, bwato linalowa m'madzi, chithunzi n'kusintha. Amayi anapemphanso. Anabweza kangapo, ndipo ulendo uliwonse amayi ankasendera kutsogolo, khosi atapendeka, ngati munthu wosuzumira kuseri kwa chitseko.

Mwini chisakasa anafunsa mwaulemu ngati apitirize. Amayi anadzuka n'kukonza chitenje.

"Pitirizani, ana aonere," anatero. "Uyu satembenuka."