Nanga Chikajambula Nditatsinzina?

Malemu akazi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Lynnwood, mbali ina ya Pretoria, ndipo ankagona komweko. Kwathu ku Pretoria West, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo, ankafika Loweruka masana n'kubwerera Lamlungu. Masiku enawo ndinkakhala ndi mawu awo okha. Kulemba pa foni ankadana nako, ankati zala zawo n'zochapira, ndiye ankangojambula mawu n'kunditumizira. Ankalankhula akusita, akutsuka mbale, akuyendetsa agalu a abwana. Zambiri zinali zopanda mutu: phazi likupweteka, maloto amene alota, nyimbo ya kwaya imene yawakanirira pakamwa. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi, amvekere, "Abambo."

Ine ntchito yanga n'kukonza makompyuta, ndipo matama ndili nawo, sindikana. Foni itadzaza, ndinatola kompyuta yakale imene kuntchito ankafuna kutaya, n'kuisandutsa seva, chosungiramo zinthu zathu pakhomo. M'kati mwake ndinamangamo kompyuta ina yopanda thupi, yokhala m'mimba mwa inzake, ndipo mawu a zaka zisanu ndinawasamutsira mmenemo. M'foni ndinafufuta.

Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali chimene anzanga amati sinapushoti. Akazi anga ndinawamasulira kuti chithunzi. M'mawa uliwonse seva inkajambula mmene zinthu zonse zilili m'kati mwake, n'kusunga zithunzi khumi ndi zinayi. Chatsopano chikalowa, chakale kwambiri chinkafufutika chokha. Kanthu kakawonongeka lero, umangobwerera ku chithunzi cha dzulo, basi.

Ndinawafotokozera Loweruka lina akumasula tsitsi. Anandiyang'ana pagalasi.

"Ndiye chikatha kujambulako chimayang'ana ngati chithunzicho chatuluka bwino?"

"Chiyang'aniranji? Makina salakwitsa, Amayi."

"Nanga chikajambula nditatsinzina?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawauza kuti za magalasi a azungu azidziwa okha, izi andisiyire ine. Iwo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi. Koma tazimitsani chinthu chanuchi, chikulira ngati udzudzu." Loweruka lililonse ankandipempha zimenezo, ndipo sindinazimitsepo n'kamodzi komwe.

Anadwala sabata imodzi yokha. Za chipatalazo sindilemba, sinditha.

Tsiku lonyamula maliro kupita kumudzi ku Ntcheu, anabwera kudzandithandiza kutseka chipinda ndi alamu anga, achimwene awo a malemu, amene amamanga nyumba ku Montana, konkuno ku Pretoria. Anazula ketulo, anazula wailesi, kenako anaima pa sevayo.

"Alamu, ichi tizimitse?"

"Chisiyeni, chimadzisamala chokha," ndinatero. Ngakhale tsiku ngati limenelo matama sanandichoke. Ndinali nditachitchera kuti magetsi akathima n'kuyakanso, chizidzuka chokha.

Kumudzi, titaika maliro, katundu wa malemu anagawidwa monga mwa mwambo. Foni anapatsidwa mng'ono wawo, ndipo poti nambala yotsegulira sankaidziwa, anapita nayo pamsika kuti akaifufute yonse. Ndinamuona akunyamuka, ndipo sindinamuletse. Mumtima ndinati zonse zili ku Joni. Nditafuna kutsanzika, apongozi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, khalani sabata ina, mukachoka nyumba ino ikhala zii." Munthu ungakane? Ndinakhala.

Ndinafika ku Pretoria patatha masabata atatu. Chikwama sindinamasule, nsapato sindinavule. Ndinakhala pansi kuti ndingomva kamodzi akundiitana.

Kompyuta ya m'kati ija inatseguka, koma mawu kunalibe. Mayina a mauthenga ena analipo, masiku ake analipo, koma ukadina, zii. Sindinade nkhawa. Ndinadziuza kuti ntchito ya zithunzi ndi yomweyi. Ndinabwerera ku cha dzulo: chimodzimodzi. Cha dzana: chimodzimodzi. Pofika cha khumi ndi chinayi ndinali ndikupemphera mokweza ngati ndili m'tchalitchi.

Seva imalemba zonse zimene zaichitikira, ndiye ndinawerenga. Tsiku lachisanu ndili kumudzi, magetsi anathima kompyuta ya m'kati ili pakati polemba, ndipo mndandanda umene umasonyeza pamene chilichonse chili unasokonekera. Magetsi atayaka seva inadzuka yokha, monga ndinaiphunzitsira. M'mawa mwake inajambula chinthu chowonongekacho n'kutaya chithunzi chabwino chimodzi. Mawa lake inateronso. Sinalakwitse kanthu, inachita ndendende zimene ndinailamula. Inajambula akazi anga atatsinzina, kakhumi ndi kanayi, osayang'ana.

Ndinawerenga masiku pa zala, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kuwerenga. Chithunzi chomaliza chabwino chinafufutika ine ndili m'basi, pamzere wa pamalire, masiku awiri okha ndisanafike. Eish! Ndinayamba kukwiyira apongozi, kenako magetsi a dziko lino, kenako mlamu wanga wamng'ono ndi foni yake. Koma mkwiyowo unazungulira n'kubwerera pa ine. Alamu a ku Montana aja anandifunsa. Akanazimitsa tsiku lija, zithunzi zonse zikanakhala chikhalire kundidikira. Chitsiru ine, ndinasunga mawu a munthu pamalo amodzi, zithunzi zakenso pamalo omwewo, n'kumadzitcha katswiri.

Kwa mwezi wathunthu ndinafukula m'zowonongekazo, ndikaweruka kuntchito. Ndinapeza tizidutswa tambiri tongoti shiii. Kamodzi kokha kanamveka. Kumbuyo galu akuuwa, madzi akutuluka pampopi, iwo akukoka mpweya, kenako:

"Abambo, ndimati ndikuuzeni"

Pomwepo kadula. Ankati andiuze chiyani sindikumbuka. Mwina za phazi, mwina za kwaya. Uthengawo ndinaumva wonse tsiku limene unabwera, ndiyenera kuti ndinaumvera ndikumanga wononga ya kompyuta ya munthu wina.

Kachidutswako ndinakaika m'foni, pa fulashi imene ili m'Baibulo, ndi m'foni ya alamu ku Montana. Lamlungu lililonse ndimakatsegula konse kumene ndingafike, kuti ndimve ndi makutu anga kuti kakadalipo. Alamu atakamva koyamba anatuluka panja, ndipo anakhalitsa.

Chimandipweteka n'chakuti nyimbo zawo za kwaya ndimazikumbuka mawu ake, koma liwu limene ankaimbira likunka lizilala m'mutu mwanga, ndipo kulibe kumene ndingakalifunse.

Nditatha kukopera kachidutswako, linali Loweruka masana, nthawi imene ankagogoda ndi phazi poti manja anali ndi majumbo. Ndinagwada pakona, ndinadina batani n'kuligwira mpaka kulira kuja kutaleka. M'chipinda munati zii, mmene ankafunira.

"Ndazimitsa, Amayi," ndinatero.